Kodi ntchito ya chitetezo padoko lokonzera sitima ndi yongoyang'ana zipewa?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene wamaliza maphunziro a uinjiniya ku MUBAS, ija tinkaitcha Poly. Akuti wapeza mwayi woyamba ntchito mu ofesi yoona za chitetezo ndi umoyo wa antchito pakampani ina yokonza sitima zapamadzi kuno ku Durban. Mafunso ake ndi awiri. Anzake akumuuza kuti akukataya digiri, chifukwa ntchitoyi ndi yongoyendayenda n'kumakalipira anthu osavala zipewa. Komanso akuda nkhawa ngati azibambo akuluakulu a padoko angamvere mwana wamkazi.

Achemwali, zikomo pondilembera. Anzanuwo aona chipewa chifukwa ndicho chimaonekera kunja kwa mpanda. Ine ndikufuna ndikulowetseni m'thanki, chifukwa ntchitoyi ili mmenemo.

Sitima ikalowa m'doko louma, geti amatseka, madzi amawapopa, ndipo chimphonacho chimakhala pa zipika, chitatalika ngati nyumba yosanjikizana. M'mimba mwake muli matanki ambirimbiri: a mafuta, a balasiti omwe amadzazamo madzi kuti sitima ikhazikike panyanja, ndi kachipinda kosungiramo tcheni cha nangula. Khomo lolowera ndi kabowo kongokwana mapewa a munthu. Mpweya umene tonse timapuma uli ndi okosijeni wokwana 20.9 peresenti. Koma chitsulo chikamachita dzimbiri chimadya okosijeni, ndiye thanki imene yakhala yotseka miyezi ingapo ikhoza kukhala youma, yopanda fungo lililonse, koma mpweya wake uli wosakwana kusunga moyo. Okosijeni akatsika kupitirira 19.5 peresenti, palibe wololedwa kulowa. Munthu wolowa mmenemo sakuwa ayi. Miyendo imangolefuka, n'kugwera pansi. Mnzake akasuzumira n'kumuona ali gone, amatsika kuti akamunyamule, nayenso n'kugwa pomwepo. Ichi n'chifukwa chake timaika mlonda pakhomo, ndipo lamulo lake loyamba ndi lakuti zivute zitani iyeyo asalowe, aitane opulumutsa okhala ndi zida zopumira.

M'mawa wina, pakampani ina imene ndinkagwirako, ndinapeza anthu anayi atakonzeka kale pakhomo la thanki ya balasiti. Bambo mmodzi wachikulire, wowotcherera, anali ataponda kale mwendo umodzi pamakwerero. Ndinawapempha kuti adikire. Ndinatsitsa kapaipi ka mita yoyezera mpweya. Pamwamba panali bwinobwino. Pakati manambala anayamba kutsika. Kapaipi katafika pansi, mita inalira, ikusonyeza 17. Usiku wake munthu wina anali atazimitsa fani yopopera mpweya kuti agwiritse ntchito soketi yake. Kapitawo anapsa mtima, akuti ntchito yachedwa kale ndi masiku awiri. Ndinakana kusaina pemiti, pepala lolola anthu kulowa m'thanki. Tinayatsa fani, tinadikira maola atatu, ndinayezanso pamwamba, pakati ndi pansi, kenako ndinasaina. Bambo aja sanayankhule kanthu tsiku limenelo. Koma kuyambira pamenepo, akafika pathanki ankayamba afunsa kuti mita yadutsa kapena ayi.

Siginecha imeneyo ndiyo ntchito yanu. Papepala la pemiti mumalemba kuti malo awa ndawaona ndi maso anga, ndawayeza nthawi yakuti, anthu akhoza kulowa. Kuti musaine moona mtima muyenera kudziwa kuti mpweya wolemera umakhala pansi, kuti fani iyi ikhoza kusintha mpweya wa thanki iyi kangati pa ola, kuti paipi iyi ikuchokera kuti ndipo vavu yake yakiyidwa kapena ayi. Muyenera kudziwa kuwerenga mapulani a sitima. Ngati umenewu si uinjiniya, ndiye uinjiniya n'chiyani?

Moto ndiye umandisowetsa tulo. Pa 12 October 1978, sitima yonyamula mafuta yotchedwa Spyros inaphulika ikukonzedwa ku Jurong Shipyard ku Singapore, ndipo anthu 76 anafa. Moto wodulira chitsulo unakumana ndi nthunzi ya mafuta ya m'thanki. Wowotcherera amaona mbali imodzi yokha ya khoma limene akugwirapo. Kutentha kumadutsa chitsulo, ndipo kuseri kwa khomalo kukhoza kukhala zotsalira za mafuta, penti kapena mawaya. Choncho musanalole kuwotcherera, zungulirani, kwawani ngati n'kofunika, mukaone kuseriko nokha. Woyang'anira moto akhale mbali zonse ziwiri, ndipo asachoke ntchito ikangotha, chifukwa moto wina umayamba kufuka anthu atapita kukadya.

Palinso mapaipi a okosijeni amene odula chitsulo amawasiya m'thanki poweruka. Akamadontha usiku wonse, okosijeni amachuluka. Akapitirira 23.5 peresenti, ovololo imayaka ngati udzu wa mu October ndi kathetheka kamodzi kokha. Lamulo langa n'lakuti poweruka mapaipi onse atuluke panja, ndipo ndimayendera madzulo kuti ndione.

Zina sindikhalitsapo, mudzaziona nokha: makireni onyamula zitsulo pamwamba pa mitu ya anthu, masikafodi omangidwa m'mbali mwa sitima, ndi kuya kwa doko lomwe pansi pake ndi simenti. Ngakhale kamlatho kokwerera musitima musakapeputse. Mu November 2003, ku Saint-Nazaire m'dziko la France, kamlatho kolowera mu sitima ya Queen Mary 2 kanagwa sitimayo ili m'doko louma, ndipo anthu 16 anataya miyoyo.

Mbali ya umoyo ndi imene anthu amainyalanyaza, chifukwa siitulutsa magazi. Phokoso likafika madesibelo (muyeso wa kukula kwa phokoso) 85 kwa maola asanu ndi atatu, makutu amayamba kuwonongeka, ndipo m'thanki mmene anthu akupala dzimbiri limapitirira pamenepo kutali. Makutu akafa sabwerera. Mu 2017 bungwe lofufuza za khansa padziko lonse la IARC linaika utsi wa kuwotcherera m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Nanga asibesitosi, chinthu chosapsa ndi moto chimene fumbi lake limawononga mapapo: malamulo a sitima a dziko lonse analetseratu kuika watsopano kuyambira pa 1 January 2011, koma sitima zakale zikadali panyanja. Ganizirani Ilala yathu. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa, n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, n'kuyamba kuyenda mu 1951. Nthawi imeneyo opanga sitima ankakutira mapaipi otentha ndi asibesitosi monga mwa chizolowezi. Choncho pasitima iliyonse yakale, chokutira paipi chisasendedwe chisanayezedwe. Matenda ake amatulukira patapita zaka makumi awiri kapena kupitirira, munthu atabwerera kumudzi, kampani itamuiwala. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, chifukwa ambiri ogwira ntchito zafumbizi ndi aganyu obwera ndi makontirakitala, ena mwa iwo abale athu.

Tsopano funso lanu lachiwiri. Kodi adzakumverani? Masiku oyamba ena adzakuyesani, sindikunamizani. Padoko pali anthu amene akhala akuwotcherera inu musanabadwe. Koma chimene ndaona n'chakuti iwo salabadira kwenikweni kuti ndinu mwamuna kapena mkazi. Amayang'ana ngati mumatsika m'thanki kapena mumangosainira mu ofesi. Valani ovololo, tsikani, mudetsedwe nawo. Phunzirani moni wa Chizulu, muziwatchula akuluakulu kuti baba. Afunseni kuti ntchito iyi ngozi yake ili pati, adzakuuzani zimene m'buku mulibe. Munthu akavula magalasi otetezera maso, musayambe ndi kukalipa, funsani chifukwa. Nthawi zambiri mudzapeza kuti magalasiwo ndi okalikakalika ndipo sakuona chimene akudula. Pamenepo vuto lili ku sitolo, osati kwa iye.

Amene adzakuvutitseni kwambiri si owotcherera ayi. Ndi kalendala. Tsiku lililonse sitima ili m'doko mwini wake akutaya ndalama, ndipo sitima ina ikudikira malo omwewo. Foni idzalira, bwana adzati sainani tiyambe, tidzayeza pambuyo.

Pokonzekera, werengani lamulo la South Africa la Occupational Health and Safety Act la 1993 ndi malamulo ake aang'ono, makamaka okhudza malo opanikizika, phokoso ndi asibesitosi. Kwathu lofanana nalo ndi Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997. Pa maphunziro a chitetezo cha pantchito, satifiketi ya SAMTRAC imadziwika kwambiri kuno, ndipo ya NEBOSH imakutsegulirani makomo a mayiko ena. Musanyamuke musanakhale ndi chilolezo chogwirira ntchito ndi kontirakiti yolembedwa.

Musanavomere, afunseni mafunso awiri. Loyamba: ndikaona choopsa, kodi ndili ndi mphamvu yoimitsa ntchito popanda kupempha kwa wina, ndipo zimenezo zalembedwa pati? Lachiwiri: malipoti anga azipita kwa ndani? Akakuuzani kuti azipita kwa mkulu wa kampani, vomerani. Akati azipita kwa yemweyo amene amathamangitsa tsiku lotulutsa sitima, ndilembereninso tikambirane musanagule tikiti ya basi.