Kodi shopu timaithamangitsa?

Funso: Mdzukulu wanga wobadwira kuno ku Harare wandiuza kuti akuthamangitsa shopu ku Mbare. Nditamufunsa kuti shopuyo yalakwa chiyani, anati akunena Chichewa cha "I run a shop". Kodi akulondola? Ndine gogo wa ku Highfield.

Yankho: Agogo, munamufunsa bwino. Kuthamangitsa ndi kupirikitsa. Timathamangitsa mbuzi m'munda, timathamangitsa wakuba, mwininyumba amathamangitsa lendi wosalipira. Shopu, sukulu, mpingo ngakhale dziko timayendetsa. Mdzukuluyo anene kuti "ndikuyendetsa shopu ku Mbare", kapena angoti "ndili ndi shopu".

Chamusokoneza ndi mawu akuti "run", omwe amasenza katundu wambiri zedi. Akonzi a dikishonale ya Chingerezi yotchedwa Oxford English Dictionary atawaunikanso mu 2011 anapeza matanthauzo 645 a mneni yekhayu. Mwana wophunzira m'Chingerezi amagwira limodzi lokha, lothamanga ndi miyendo, n'kumaliika paliponse. Chichewa sichitero. Chimayang'ana chimene chikuchitikadi, n'kusankha mneni wake.

Taonani malo ena amene Chingerezi chimati "run". Kombi ikaima pa renki ya Copacabana dalaivala asanazimitse, injini ikulira, sikuti ikuthamanga. Kombi yomweyo imayenda pakati pa tawuni ndi Mufakose. Mtsinje wa Mukuvisi nawonso umayenda. Pampopi madzi amatuluka, ndipo akakhala kuti anasowa masiku angapo timangofuula kuti "madzi abwera!" Wachimfine amatuluka mamina. Chitenje chimasuluka pochapa. Wofuna ukhansala amaima pachisankho.

Mawuwa akaphatikana ndi ena, kuthamanga kumatheratu: "run out" ndi kutha, monga ufa watha, "run away" ndi kuthawa, "run over" ndi kugundidwa ndi galimoto. "Running stomach", imene imamveka kwambiri m'Chingerezi cha kuno, ndi kutsegula m'mimba.

Komabe musamuletse mneniyu kotheratu, chifukwa Chichewa chili ndi malo akeake omuika. Wotchi yotsogola nthawi timati ikuthamanga. Munthu akachita mantha mtima umathamanga. Wosakasaka ndalama uku ndi uku akuthamangathamanga, zomwe anansi athu Achishona amati kumhanya-mhanya. Mdzukulu wanu akanati "ndikuthamangathamanga ndi shopu yanga", sindikanamudzudzula ngakhale pang'ono, ngakhale kuti tanthauzo lake ndi kutanganidwa nayo, osati kuiyang'anira.

Pamene ndikupempha kusamala kwenikweni ndi pa magazi. Kuthamanga kwa magazi ndi dzina la matenda aja ambiri amangoti BP. Munthu akadzicheka ndi mpeni, magazi akuchucha pabala, wina n'kuimba foni kunyumba kuti "amayi magazi akuthamanga", womvayo athamangira kukafuna mapiritsi a BP m'malo mwa nsalu yoyera yomangira bala. Pabala magazi amatuluka, ndipo akachuluka timati munthuyo akutaya magazi.