Sudoku yovuta ikundikanika, nditani?

Funso: Akonzi, ndimakonda Sudoku, masewera aja odzaza manambala 1 mpaka 9 m'timabokosi osabwereza nambala mumzere umodzi. Ma Sudoku osavuta ndimamaliza bwinobwino koma ovutawa ndikafika pakati basi ndaima, mpaka ndimayamba kungolota manambala. Pali njira ina?

Yankho: Zolotazo ayi ndithu, Sudoku yokonzedwa bwino imakhala ndi yankho limodzi lokha. Tengani pensulo mulembe timanambala tonse tomwe tingalowe m'kabokosi kalikonse. Mukaona timabokosi tiwiri mumzere umodzi tikungolola 3 ndi 7 basi, manambalawo ndi a pamenepo, afufuteni m'timabokosi tina tonse ta mzerewo, apa zambiri zimatseguka zokha. Ikakanabe yesani njira yotchedwa X-Wing, imeneyi ndimaikonda kwabasi: ngati 5 akungokwana malo awiriawiri m'mizere iwiri yopingasa ndipo malowo agwera m'mizere iwiri yotsika yomweyo, chotsani 5 kwina konse m'mizere yotsikayo.