Mafunso Anu: Kodi ndingawoloke nyanja pa sitima motchipa m'malo mokwera ndege?

FUNSO: Akonzi, ine ndege ndimaiopa kwambiri, ikangoyamba kugwedezeka m'mwambamo mtima umachita kuthawa. Ndikufuna kuchoka ku Ulaya kupita ku America kukaona mchemwali wanga, kodi palibe sitima ya pamadzi yoti munthu angakwere osawononga ndalama zambiri? Anzanga akuti ndikwere sitima ya katundu akuti ndi yotchipa, zoona zimenezo?

YANKHO: Achemwali, njira zilipo ndithu, koma ndinene poyamba kuti mukangoyerekeza mtengo wa tiketi basi, nthawi zambiri ndege ndiye imatchipa. Pa sitima mumalipira malo ogona ndi chakudya cha masiku onse amene muli panyanja, ndiye kutchipa kwake kumaoneka mukawerengera tsiku lililonse komanso ngati muli ndi nthawi yokwanira, chifukwa ulendo umene ndege imatha pa maola 8 sitima imatenga sabata kapena awiri.

Za sitima ya katunduzo anzanuwo akunena zakale. Inde sitima zonyamula makontena zinkatenga anthu ochepa, osapitirira 12, chifukwa mwa malamulo apanyanja zikapitirira pamenepo imawerengedwa ngati sitima ya anthu ndipo malamulo ake amavuta. Koma sizinali zotchipa ayi, munthu ankalipira ma euro 100 kapena kuposa patsiku, ndiye muwerengere masiku khumi ndi kuposa. Kenako 2020 kunabwera Covid makampani ambiri anasiya kutenga anthu ndipo ambiri sanayambirenso. Imeneyo musaidalire.

Imene ine ndingakulangizeni kwambiri ndi sitima zija zazikulu za alendo okaona malo, nthawi imene zikusamuka. Sitima zimenezi chilimwe cha ku Ulaya zimazungulira pa nyanja ya Mediterranean, ndiye kukayamba kuzizira cha mu October ndi November zimawoloka nyanja ya Atlantic kupita ku Caribbean ndi ku Florida, zina ku Brazil, kenako cha mu March ndi April zimabwerera. Sitimayo iyenera kuwoloka basi olo ikhale yopanda anthu, ndipo ambiri safuna kukhala masiku asanu ndi limodzi kapena kuposa osaona mtunda, ndiye makampani amatsitsa mtengo kuti zipinda zisapite zopanda kanthu. Pa intaneti mufufuze ndi mawu akuti repositioning cruise, mupeza maulendo ngati ochoka ku Barcelona kupita ku Miami a pafupifupi masabata awiri, chakudya chili momwemo.

Koma apa tcherani khutu chifukwa ndi pamene anthu amapwetekekera. Mtengo umene amaika pa tsambalo nthawi zambiri ndi wa munthu mmodzi pogona awiri m'chipinda, ukakhala wekha amakuwonjezera ndipo nthawi zina umalipira pafupifupi kawiri, ndiye ngati pali mnzanu wopita naye zimathandiza zedi. Palinso ndalama ya antchito a m'sitimamo imene makampani ambiri amaidula tsiku ndi tsiku, zakumwa ndi intaneti zimalipiridwa pazokha ndipo zimadula. Tengani chipinda cha mkati chopanda windo, ndicho chotchipa, ndipo chikakhala chapakati pa sitima komanso cham'munsi sichigwedezeka kwambiri, kwa munthu wochita nseru ndi chizungulire zimenezi ndi zofunika. Vuto lina ndi loti ulendowu ndi wopita kokha, sitimayo ibwerera pakatha miyezi ingapo, ndiye muganizire pobwerera.

Ngati mukufuna yopita ndi kubwera, pali Queen Mary 2 ya kampani ya Cunard, imene inayamba kuyenda mu 2004 ndipo imawoloka pakati pa Southampton ku England ndi New York, mausiku 7. Si yotchipa kwenikweni koma mukabuka msanga kapena kusankha miyezi yozizira mtengo umatsika, kungoti nthawi imeneyo North Atlantic imakhala yolusa.

Njira yotchipa kuposa zonse ndi kukwera boti la matanga la munthu wamba ngati wothandiza. Chaka chilichonse kumapeto kwa November maboti ambiri amanyamuka ku Las Palmas pa chilumba cha Gran Canaria cha dziko la Spain kupita ku chilumba cha Saint Lucia ku Caribbean pa ulendo wa maboti oyendera limodzi wotchedwa ARC umene unayamba mu 1986, amadikira nyengo ya namondwe ithe kenako mphepo yochokera kum'mawa imawakankha pafupifupi masabata atatu. Eni maboti amafuna anthu owathandiza ndipo amawapeza pa masamba ngati Crewbay ndi Find a Crew, inu nthawi zambiri mumasonkha ya chakudya ndi zina zofunika paulendo. Koma imeneyi ndi ntchito achemwali, mumadzuka pakati pa usiku kukalondera pa chiwongolero, kuphika boti likupendekeka, madzi osamba ndi owerengera, ndipo mukakangana ndi kaputeni palibe potsikira. Ngati mukuopa kugwedezeka kwa ndege, boti laling'ono limagwedezeka usana ndi usiku. Mukafunabe, kumanani naye kaye mwini botiyo pamtunda, yendani naye kaulendo ka tsiku limodzi kapena awiri, onani ngati ali ndi zida zopulumutsira anthu ndi wailesi, ndipo makamaka inu monga mayi musakwere nokha ndi munthu amene simunafufuze mbiri yake kwa ena amene anayenda naye.

Njira iliyonse imene musankhe, za viza muzifufuze ngati wa pa ndege, makamaka pa boti la munthu wamba pomwe malamulo ake akhoza kusiyana, ndipo sitima ikamaima m'maiko ena panjira muonetsetse ngati pasipoti yanu ikufuna viza ya kumenekonso, chifukwa akhoza kukubwezani padoko pomwepo tiketi muli nayo m'manja. Gulaninso inshulansi ya ulendo yokhudza matenda muli panyanja, dokotala wa m'sitima amalipiritsa payekha.