Proxy ikukana masamba ena a pa intaneti: vuto lili pati?

Funso: Ndimayang'anira makompyuta a ofesi ina ku Luchenza, m'boma la Thyolo, ndipo onse amalowa pa intaneti kudzera pa proxy (pulogalamu yokhala pakati pa makompyuta ndi intaneti) yotchedwa Squid imene ili pa seva yakale ya Ubuntu 16.04. Masamba ena a HTTPS akutseguka, koma ena akukanika ndipo pakutuluka uthenga wakuti X509_V_ERR_UNABLE_TO_GET_ISSUER_CERT_LOCALLY, chonsecho pa foni ndi bandulo akutseguka bwinobwino. Mnzanga wandilangiza kuti ndilembe sslproxy_cert_error allow all. Kodi nditero?

Yankho: Bambo, mzere umenewo musaulembe. Masambawo adzatsegukadi, koma mudzakhala mwauza proxy kuti izivomera satifiketi (chiphaso chotsimikizira kuti tsamba ndi lenileni) iliyonse ngakhale yabodza, ngati mlonda wa pageti la esiteti amene wasiya kufunsa chiphaso, ndipo mapasiwedi a ogwira ntchito onse adzakhala pambalambanda.

Uthengawo ukusonyeza kuti Squid yanu ikugwiritsa ntchito ssl_bump, kutanthauza kuti imamasula kulumikizana kwa TLS (njira yobisira uthenga pa HTTPS), n'kudzitsimikizira yokha satifiketi ya tsambalo, kenako n'kupangira kompyuta ya wogwira ntchito satifiketi ina. Potsimikizirapo imadalira mndandanda wa masatifiketi akuluakulu umene uli pa seva yomweyo, ndipo wanuwo ndi wakale. Masamba ambiri masiku ano amatenga satifiketi zawo ku bungwe la Let's Encrypt. Satifiketi yaikulu imene bungweli linkadalira ndipo makina akale ankaidziwa, DST Root CA X3, inatha ntchito pa 30 September 2021, ndipo imene inalowa m'malo mwake, ISRG Root X1, siipezeka pa seva imene sinalandirepo ca-certificates yatsopano, yomwe ndi phukusi la mndandanda uja. Foni yanu inailandira kalekale, n'chifukwa chake siikudandaula.

Musanasinthe kanthu, lembani lamulo la date pa sevayo muone tsiku, chifukwa m'dera lathu lino magetsi amathimathima, ndipo kabatire ka CR2032 kakatha mphamvu, wotchi ya makina imabwerera m'mbuyo zaka zingapo, satifiketi zabwinobwino n'kuyamba kukanidwa. Tsiku likakhala lolondola, yesani openssl s_client -connect pa tsamba limodzi lokanikalo pa doko 443, ndipo musaiwale -servername. Likakanikanso pamenepo, ndiye kuti Squid ilibe mlandu. Ikani ca-certificates yatsopano, yendetsani update-ca-certificates, kenako muyambitsenso Squid.

Komabe chimenechi ndi chigamba chabe. Ubuntu 16.04 inasiya kulandira zokonza zaulere mu April 2021, ndipo OpenSSL yake, pulogalamu yoyendetsa TLS, ndi 1.0.2, imene siidziwa TLS 1.3, chifukwa TLS 1.3 inabwera ndi OpenSSL 1.1.1 mu 2018. Ine ndikanakhala inu, ndikanasamutsira proxy pa Ubuntu yatsopano mwezi uno usanathe, ndipo masamba a mabanki ndikanawaika pa splice m'malo mwa bump, kuti azingodutsa osamasulidwa, pakuti palibe chifukwa choti seva ya ofesi iziona akaunti ya munthu.