Za Sugru yomwe mukufuna kuitanitsa ku UK

Achemwali, mwafunsa ngati n'koyenera kuti alamu anu a ku Leeds akutumizireni Sugru yokonzera chingwe cha chaja chomwe chasupuka pakhosi, chogwirira chivindikiro cha poto chomwe chinathyoka, komanso ndowa yapulasitiki yodontha. Ziwiri zoyambazo itanitsani ndithu. Ndowayo ayi.

Sugru ndi silikoni wofewa ngati dongo loumbira mbiya. Anaipanga ndi mayi wa ku Ireland, Jane Ní Dhulchaointigh, amene anayamba kuiganizira akuphunzira ku London, ndipo inalowa pamsika mu 2009. Mukang'amba kapaketi mumakhala ndi mphindi ngati 30 zoumbira, pakatha maola 24 yasanduka labala. Apa m'pamene imasiyana ndi Pratley yomwe tinazolowera. Pratley ikauma imakhala gwa ngati mwala, ndiye mukaimata pa chingwe chomwe chimapindika tsiku lonse, chingwecho chimakathyokera pomwe iyo yathera. Sugru imapindika limodzi ndi chingwe.

Ine pa chaja yanga ndinachita chonchi. Ndinapukuta ndi sipiriti kuti mafuta a m'manja achoke, n'kuifyafyaza Sugruyo pazala mpaka itafewa, kenako n'kuikulunga pakhosipo, yonenepa kufupi ndi kamutu kolowa mufoni, n'kumapyapyala popita kuchingwe. Posalaza ndinanyowetsa chala m'madzi a sopo, apo ayi imakakamira kuchala ndipo zidindo zanu zimatsala pomwepo. Ndinaikoleka pa msomali usiku wonse kuti isagunde kanthu. Mwana akaifuna m'mawa, mukanizeni mpaka tsiku likwane. Koma izi ndi za machaja a foni basi. Chingwe cha simbi kapena cha ketulo chikaonetsa waya, sinthani chonse, musasewere ndi magetsi apakhoma.

Pa chivindikiro Sugru ilibe vuto, imapirira kutentha mpaka madigiri 180. Bwezerani kaye kabawuti pabowo kuti ikhale ndi pogwira, ndiye muumbe kamutu pamwamba pake. Isakhale mkati mokhudza chakudya, ndipo isalawe lawi la mbaula.

Ndowa zambiri ndi za pulasitiki yoterera ija yomwe maguluu ambiri amaikana. Ndinayesapo pa beseni langa, patangotha masiku ochepa chigambacho chinasendeka chonse ndi chikhadabo. Ipititseni kwa anyamata omata ndi chitsulo chamoto pamsika.

Muwauze alamuwo asatumize mulu. Sugru ikakhalitsa imauma yokha ngakhale paketi ili yosatsegula. Mufiriji imachedwerako kuuma, koma ndi mmene magetsi amatichitira kunoku firijiyo sindingaidalire. Timapaketi titatu tikukwanirani. Kamodzi mukakatsegula kathereni tsiku lomwelo, choncho sonkhanitsiranitu zonse zofuna kukonza.

Mukaona kuti katunduyo akuchedwa, gulani silikoni wa mutchubu m'sitolo ya zipangizo zomangira, uja wonunkha ngati viniga, musakanize ndi ufa wa konifulawa mpaka atasiya kumata m'manja. Amauma msanga kuposa Sugru, ndiye sakanizani wochepa chabe nthawi imodzi, muli panja chifukwa fungolo limatsamwitsa. Pa chivindikiro amagwira ntchito bwino, koma pa waya woonekera musamuike, asidi wakeyo amadya kopa.