Filimu ya X-Men imene ndikanapanga ikanayambira pa mvula

Mnyamata wina wa ku Ngabu wanditumizira imelo ndi funso lakuti, popeza kampani ya Disney inagula 21st Century Fox mu 2019 ndipo ufulu wopanga mafilimu a X-Men unabwerera ku Marvel Studios, ine ndikanapatsidwa ntchito yopanga filimu yatsopano ya gululi ndikanaikamo ndani, ndipo nkhani yake ndikanaiyambira pati. Akuti iye ndi anzake amatsutsana za nkhaniyi akamatuluka koonera vidiyo, ndipo ambiri amalimbikira kuti filimu yopanda Wolverine patsogolo singakome.

Achimwene, zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Ine ndikanaika Storm pakati pa filimu yonse, Wolverine n'kumubweza m'mbuyo pang'ono, ndipo ndikufotokozerani chifukwa chake.

Gulu la X-Men analiyambitsa ndi Stan Lee ndi Jack Kirby mu 1963, ndipo poyamba linali la achinyamata asanu a ku America obadwa ndi mphamvu zachilendo, amene ankaphunzitsidwa ndi Professor Charles Xavier. Makomiki ake, timabuku ta nkhani zojambulidwa m'zithunzi, sankayenda malonda, moti mu 1970 analeka kutulutsa nkhani zatsopano n'kumangobwereza zakale. Zinthu zinasintha mu 1975 pamene Len Wein ndi Dave Cockrum anabweretsa gulu latsopano la anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana, monga Nightcrawler wa ku Germany, Colossus wa ku Russia, Wolverine wa ku Canada ndi Storm amene anakamutenga ku Kenya. Limeneli ndilo gulu limene Chris Claremont analilembera nkhani mpaka 1991, ndipo ndilonso ndikanalitenga, chifukwa anthu ake ndi achikulire, aliyense ali ndi kwawo kumene wasiya, ndipo sakudziwana.

Dzina lenileni la Storm ndi Ororo Munroe. Mayi ake anali a ku Kenya, bambo ake anali wojambula zithunzi wa ku America, ndipo banjali linkakhala ku Cairo. Ali ndi zaka zisanu ndege inagwera nyumba yawo, makolo ake onse anafa, iye n'kutsala wopanikizika pansi pa zigumukire pambali pa mtembo wa mayi ake, ndipo kuyambira pamenepo amachita mantha aakulu akakhala pamalo opanikiza. Anakula akupisa anthu m'matumba m'misewu ya Cairo, kenaka anayenda ulendo wa pansi kulowera kumwera mpaka anafika ku Kenya, kumene anthu ataona kuti amatha kugwetsa mvula anayamba kumulambira ngati mulungu. Mafilimu amene tinaonera, kuyambira pamene Halle Berry anasewera mbali imeneyi mu 2000 mpaka Alexandra Shipp mu 2016, anatenga pang'ono chabe pa mbiri yonseyi. Kawirikawiri ankamuitana pa nthawi ya ndewu kuti maso ake ayere, mphezi ing'anime, kenaka nkhani n'kubwerera kwa amuna.

Zimenezi zimandipweteka chifukwa ife a kuchigwa kuno tikudziwa kuti palibe mphamvu yolemera pa munthu ngati yolamulira mvula. Tikudziwa dzuwa la Okutobala ku Nchalo ndi ku Bangula, tikudziwa kudikira mvula mapira atafota m'munda, ndipo makolo athu Amang'anja akhala akupita ku Khulubvi ku Nsanje kukapempha mvula kwa M'bona kuyambira kalekale. Tikudziwanso mbali inayo. Madzi amene anasesa midzi mu Januwale 2015, ndiponso pa nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, ambiri anali a mvula imene inagwa kumtunda, kumapiri a Mulanje ndi Thyolo ndi madera ena, n'kutsika ndi Ruo ndi Shire kudzatipeza ife ku Chiromo ndi ku Makhanga. Munthu wa kuno safunika kumufotokozera kuti mvula imene yapulumutsa mudzi wina ikhoza kumiza mudzi wina.

Pamenepa ndi pamene ndikanamangapo filimu. Ikanayamba opanda ndewu iliyonse. Akuluakulu a mudzi wina wa ku Kenya akhala pamphasa pakhomo pa Ororo, lichero la mbewu lili patsogolo pawo, ndipo wamkulu wawo akufotokoza motsitsa mawu kuti abzala kawiri koma zonse zapserera. Mtsikanayo akumva chisoni, akukokera mitambo kumapiri, mvula ikugwa usiku wonse, anthu akuvina. Patapita masiku awiri pakufika anthu ena ochokera kumunsi kwa mtsinje, matope ali lekeza m'mawondo, mayi wina atanyamula mphika umodzi wokha umene wapulumutsa, ndipo iwo sakumutukwana, angokhala pansi pamphasa yomwe ija n'kumufunsa ngati iwo si anthu akenso. Woonera akaona zimenezi adzamvetsa, popanda wina kumulalikira, chifukwa chimene Storm amalankhulira modekha ndi kudzigwira nthawi zonse, pakuti mkwiyo wake ndi chisoni chake zimafika kumitambo.

Xavier akafika kudzamuuza kuti iye si mulungu koma munthu wobadwa ndi mphatso, ndi kumupempha kuti apite naye ku America, m'komiki nkhaniyi imatha m'masamba ochepa. Ine ndikanaipatsa nthawi yokwanira, chifukwa funso lake ndi lalikulu: anthu amene akhala akudalira iye pa ulimi wawo adzatani chaka chamawa, ndipo mlendo ameneyu ali ndi ufulu wanji womuchotsa pakati pawo? Sindikanamuonetsa Xavier ngati munthu woipa, koma ndikanalola kuti agogo ena a m'mudzimo amufunse mafunso amene angamusowetse yankho.

Ndinene pano kuti sindikanasamutsira nkhaniyi ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ndipo sindikanalowetsamo M'bona. Khulubvi ndi malo opatulika amene ali ndi eni ake, ndipo si oyenera kukongoletsera filimu ya malonda. Cairo ikhale Cairo, Kenya ikhale Kenya, ochita zisudzo achokere komweko ndipo alankhule Chiarabu ndi Chiswahili pamene pakuyenera.

Za ena a m'gululi, ndikanatenga atatu okha, chifukwa filimu ya maola awiri ikadzaza ndi ngwazi khumi woonera amatuluka atangoloweza zovala zawo. Colossus ndi mwana wa alimi amene thupi lake limasanduka chitsulo, ndipo timayamba kumuona akupulumutsa mlongo wake wamng'ono ku thirakitala yopanda woyendetsa. Nightcrawler ndi Mkatolika wopemphera, koma chifukwa cha khungu lake labuluu ndi mchira wake, khamu la anthu limamuthamangitsa usiku ndi miuni likumuyesa chiwanda. Aliyense amene akukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017, ndi mmene anthu osalakwa anavutikira, adzaiona mbali imeneyi ndi mtima wolemera. Magneto, mdani wamkulu wa X-Men, ndikanamusungira filimu yachiwiri. Mdani wa filimu yoyamba akanakhala ma Sentinel, maloboti opangidwa ndi anthu amantha kuti azisaka obadwa ndi mphamvu, ndipo ndewu yomaliza ikanachitikira pansi pa nthaka, m'malo opanikiza mopanda thambo, momwe Storm ayenera kutsogolera anzake akunjenjemera ndi mantha a ubwana wake.

Wachitatu ndi Wolverine, choncho anzanu asadandaule. Hugh Jackman anamusewera bwino kwambiri kuyambira mu 2000, koma zotsatira zake n'zakuti mafilimu a gulu anasanduka mafilimu a munthu mmodzi. M'filimu yanga iye akanakhala wamakani wokana kulamulidwa, amene pang'onopang'ono akuyamba kumvera mkazi amene poyamba ankamuderera. Zimenezi sizikusemphana ndi makomiki, pakuti Storm anakhala mtsogoleri wa X-Men mu 1980 Cyclops, amene ankatsogolera gululi poyamba, atachoka, ndipo mu 1986 anamugonjetsa Cyclops yemweyo polimbirana utsogoleri, pa nthawi imene iye analibe mphamvu zake n'komwe. Mukakumana ndi anzanu aja, muwauze zimenezi, ndipo mudzandilemberenso kuti ayankha zotani.