Kwa amake mwana amene apongozi awaletsa kubwerera ku sikelo

Amake mwana, ndawerenga zimene mwalemba m'gulu lathu lino la pa Facebook pamodzi ndi makomenti onse. Ambiri akungoti "pitani", koma mawu amodziwo sakuthandizani pamene kunyumba kuli anthu awiri okana, ndiye mundilole nditalikitseko. Kwa amene funso lawapitirira: mwana wawo anabayidwa katemera wa masabata 6, usiku womwewo thupi linatentha, ntchafu inatupa, analira mpaka tambala woyamba. Tsopano tsiku la masabata 10 layandikira, apongozi akuti mdzukulu wawo sadzapondakonso kukiliniki, ndipo bambo a mwana anatumiziridwa vidiyo pa WhatsApp yonena kuti katemera amatseka ubereki ndi kusokoneza mutu wa mwana. Akufunsa ngati apite kapena aleke.

Ine ndikuti pitani. Koma amene akukuuzani kuti zimene munaonazo si kanthu akulakwa, chifukwa munachezera ndi mwanayo ndinu. Nyeleti ya pantchafu imene anesi amaitcha penta imavutitsadi ana ambiri. Muli chitetezo cha matenda asanu m'nyeleti imodzi: chifuwa chokoka mtima, kafumbata, matenda a pakhosi otchedwa diphtheria, matenda a chiwindi a hepatitis B, ndi kachilombo kena kamene kamayambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Mbali ya chifuwa chokoka mtima anaipanga ndi tizilombo takufa, ndipo thupi la mwana likationa limayamba kulimbana nato. Kutentha kuja kumachokera pamenepo, ndipo kumatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Ulendo uno mukonzekeretu. Mufunse anesi muyeso wa panado wa madzi wolingana ndi makilo a mwana musanachoke pabenchi, osamuphwanyira mapiritsi a akulu, asipirini ndiye ayi ndithu. Mumuyamwitse pafupipafupi. Mumuchepetsere zovala, poti ife timakulunga khanda mu shawelo, chitenje ndi bulangete ngakhale mu October. Pamalo potupa ikani kansalu koyera konyowa ndi madzi ozizira. Osathowa ndi madzi otentha, osatikita, osapakapo kanthu.

Pali zina zosadikira nazo kuti kuche: mwana akakomoka kapena kugwedezeka ngati wa khunyu, akamapuma movutikira, akatupa kumaso kapena milomo, akakana bere, akalefukiratu, akalira mofuula maola atatu osatonthozeka. Zikatero thamangani naye. Thupi likapitirira masiku awiri likutentha musangoti ndi nyeleti ija, kuno n'kwa malungo, akamuyeze. Ndipo popeza mwati analira usiku wonse, mukafotokoze bwinobwino kwa anesi asanamubaye kachiwiri, analira nthawi yaitali bwanji, anayamwa kapena ayi. Alipo ana ochepa kwambiri amene a chipatala amawasinthira ndondomeko. Woona zimenezo ndi munthu amene wamugwira mwanayo ndi kuwerenga khadi lake, osati ife a pa Facebook, osatinso wa mu vidiyo uja.

Tsopano chimene ndikuopa ine n'kulekera panjira. Khanda limabadwa ndi chitetezo chobwereka kwa amake, ndipo chimenechi chimanka chichepa miyezi yoyambirira. Nyeleti ya masabata 6 imangodzutsa thupi. Ya masabata 10 ndi ya masabata 14 ndizo zimalimbitsa. Bambo a mwana ngati amalima muwafunse ngati anayamba athira D compound n'kuleka yureya, kenako n'kumadikira ngolo zodzaza. Mwana wanu ululu wa nyeleti yoyamba waumva kale. Mukaleka pano ndiye kuti walira pachabe.

Chifuwa chokoka mtima ambiri a inu achichepere simunachione, n'chifukwa chake dzina lake silikuopsani. Mwana amatsokomola motsatizana osapeza mpata wopuma, maso kutuluka misozi, lilime panja, milomo kuda, kenako amakoka mpweya ndi kaphokoso kosongoka, n'kusanza zonse zimene wayamwa. Akangogona pang'ono, chayambanso. Zimatenga masabata ambiri. Makanda aang'ono kwambiri ena satsokomola n'komwe, amangosiya kupuma ali kumsana. Wamkulu amene wamupatsira amangoona ngati ali ndi kachifuwa wamba, ndipo amamunyamula mwanayo ndi kumupsompsona mwachikondi. Msinkhu umene matendawa amapha kwambiri ndi umene mwana wanu alimo lero.

Wina walemba m'makomenti kuti matenda amenewa anatha kalekale. Mwaiwala msanga. Mu August 2020 Africa inalengezedwa kuti yathana ndi poliyo wa mtundu wakalekale uja wopuwalitsa ana. Mu February 2022 dziko la Malawi linalengeza kuti kamtsikana ka zaka 3 kapuwala ndi poliyo yemweyo ku Lilongwe, ndipo atayeza anapeza kuti kachilomboko n'kochokera ku Pakistan. Chaka chomwecho ana 8 anapezeka naye m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Lilongwe ndi apa, munthu amadzuka ku Chipata, kudutsa pa Mwami, nkhomaliro n'kukadyera komweko. Tete ndi kuseri kwa Chanida. N'chifukwa chake chaka chimenecho munaona anthu akuyenda khomo ndi khomo ndi timabokosi tozizira, kudontheza ana m'kamwa ndi kuwapaka inki pa kachala. Ife kuno kum'mawa kwa Zambia tili pakati pa mayiko atatu. Pa Kulamba ku Mkaika timakumana a Zambia, Malawi ndi Mozambique, makanda ali kumsana, ndipo pamaliro ndi pamsika n'chimodzimodzi. Poliyo alibe mankhwala. Mwendo ukalobodoka walobodoka.

Chikuku ndiye sichichedwa n'komwe. Wodwala akatsokomola m'chipinda n'kutuluka, kachilombo kamatsala mumpweya mpaka maola awiri, ndipo mwa anthu 10 osatetezedwa amene akhala naye pafupi, 9 amatenga. Mu 2022 ku Zimbabwe chinayambira ku Manicaland, n'kufalikira kwambiri m'misonkhano ya mipingo yokana katemera, ndipo ana opitirira 700 anamwalira m'miyezi yochepa. Amene apulumuka ena amatsala osaona kapena osamva, ndipo thupi limaiwala ngakhale chitetezo chimene linali nacho ku matenda ena, moti mwana amangodwaladwala. Mayi amene mwalemba kuti mwana wa aneba anu anabayidwa koma anadwalabe chikuku, zimachitikadi. Nyeleti ya miyezi 9 imagwira mwa ana pafupifupi 85 pa 100 alionse, ndiye anaikapo yachiwiri ya miyezi 18 kuti otsalawo awapezenso. Yachiwiriyi ndiyo timaiphonya kwambiri, poti mwana akayamba kuyenda timaona ngati sikelo yatha ntchito.

Za vidiyo ija. Nkhani ya kutseka ubereki ndi yakale kuposa foni imene mwaionerapo. Ndondomeko yobaya ana m'mayiko onse bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaiyamba mu 1974, ndipo ambiri tili m'gulu muno tili ndi kachipsera ka BCG, katemera wa TB uja, pamkono. Kalembera wa 2010 anapeza anthu 13 miliyoni mu Zambia, wa 2022 anapeza opitirira 19 miliyoni. Anabereka anthu amenewa ndani, ngati si omwe anabayidwa ali makanda? Inu nomwe, ngati munkayenda ku sikelo ya amayi apakati, munabayidwa ya kafumbata pamkono, ndipo mwana ndi ameneyo muli naye m'manja.

Ya kusokoneza mutu ili ndi kochokera kwake. Mu 1998 dokotala wina wa ku Britain, Andrew Wakefield, analemba kuti katemera wa chikuku wa kumeneko angayambitse autism, vuto la kakulidwe ka ubongo wa mwana, atangoona ana 12. Atafufuza anapeza kuti panali chinyengo. Mu 2010 magazini imene inasindikiza nkhaniyo inaichotsa, ndipo iye analandidwa chilolezo cha udokotala. Ku Denmark anatsatira ana opitirira 650,000, zotsatira n'kutuluka mu 2019, osapeza kugwirizana kulikonse. Chimene chimasokoneza makolo n'chakuti zizindikiro za autism, monga kusalankhula ndi kusayang'ana anthu m'maso, zimayamba kuoneka pa msinkhu womwewo umene mwana amabayidwa ya chikuku. Kholo likaona mwana wasintha limafunafuna chimene chinachitika posachedwa, ndipo nyeleti ndiyo imakumbukika. Sindiwaseka makolo otere, ululu wawo ndi weniweni. Amene amandikwiyitsa ndi opanga mavidiyowo, amene kumapeto kwake amakugulitsani botolo la mankhwala awo.

Amene mwabweretsa za 666 m'makomenti, kuti katemera ndi chizindikiro cha chilombo cha m'Baibulo, ndingokufunsani chimodzi. Chipatala cha Mwami n'cha a Adventist, St Francis ku Katete n'cha a Anglican ndi a Katolika, Nyanje n'cha a Reformed Church. Konseko m'mawa amayamba ndi pemphero, kenako n'kubaya ana. Onsewo Baibulo sanaliwerenge?

Koma ntchito yanu yaikulu ili kwa apongozi, ndipo apa chonde musapite ndi mtima wa mpikisano. Mayi amenewo sakudana ndi mdzukulu wawo. Anamva kulira usiku uja mtima n'kuwawa, ndipo mwina anaikapo ana awo m'manda kale, zimene inu simukudziwa zonse. Mukawayankha kuti "za kumudzi zimenezo" mwaluza, ndipo bambo a mwana adzaima kumbali ya amayi awo. Khalani nawo pansi muwafunse: "Amayi, kale chikuku chikalowa m'mudzi zinkakhala bwanji?" Asiyeni afotokoze okha za ana otsekeredwa m'nyumba, maso omatana ndi manthongo, maliro otsatizana. Ngati ndi achikulire ndithu muwafunsenso za nthomba. Ena a iwo ali ndi chipsera chachikulu chozungulira paphewa, ndipo nthomba inalengezedwa kuti yatha padziko lonse mu 1980 chifukwa cha katemera amene iwo analandira. Za mkuzi wa m'chiuno kapena kamkanda ka pakhosi musakangane nawo, sizilimbana ndi nyeleti. Pokanira ndi pa zomwetsa khanda ndi zopaka pabala kapena pamchombo.

Ndiye muwapemphe akuperekezeni, iwo anyamule mwana. Akaone ndi maso awo. Nyeleti imatuluka m'pepala lomata, imagwira kamodzi kokha, ikatha imaponyedwa m'kabokosi ka katoni. Timabotolo timakhala m'bokosi lozizira. Pa kabotolo pali kachizindikiro kozungulira, m'kati mwake muli kabokosi koyererako. Kabotolo kakakhalitsa potentha kabokosi kam'katiko kamada, ndipo kakafanana ndi kozungulira kaja katemerayo sabayira mwana, amatayidwa. Mutha kupempha mwaulemu kuti akuonetseni. Agogo akaona okha ndi kufunsa okha, pobwerera ndi iwo amene amakafotokozera anzawo pachitsime. Ngati m'dera lanu muli a SMAG, odzipereka aja olimbikitsa uchembere wabwino, kapena a komiti ya zaumoyo, apempheni adutse pakhomo ngati alendo wamba. Mawu omwewo akachokera kwa munthu wa msinkhu wawo amalowa bwino kuposa akachokera kwa mpongozi.

Bambo a mwana musawachititse manyazi pagulu la abale, ndipo za m'gulu muno musawaonetse ngati umboni wakuti anthu akuwaseka. Muwauze kuti vidiyoyo apite nayo kukiliniki akafunse okha. Azibambo ambiri akalowa kamodzi mu sikelo, n'kuona mwana wawo akulendewera pa kathumba koyezera makilo, khadi amayamba kusunga ndi iwo. Kupita mobisa sindikulimbikitsani ngati njira yoyamba, chifukwa mwana akadzatentha thupi usiku mudzasowa ponena, ndipo pa masabata 14 nkhondo idzakula. Koma zonse zikakanika, mwanayo ndi wanunso, ndipo a kukiliniki sabweza mayi chifukwa wabwera wopanda mwamuna.

Ndikudziwa kuti sikelo imatopetsa. Mzere wautali, dzuwa, nthawi zina mufika n'kuuzidwa kuti katemera wina watha mubwere sabata yamawa, ndipo pali anesi ena pakamwa pawo m'powawa, makamaka mukachedwa tsiku. Ndinaonapo mayi akukalipiridwa pamaso pa anzake chifukwa khadi linanyowa ndi mvula, ndipo khalidwe lotere limathawitsa anthu kuposa mavidiyo. Komabe mukachedwa ndi sabata kapena mwezi sayambiranso pachiyambi, amapitiriza pamene munalekera. Kachimfine kapena kachifuwa pang'ono si chifukwa chokhalira kunyumba, pitani akamuone okha. Katemera wa ana m'makiliniki a boma ndi waulere. Khadi likatayika pitanibe, dzina la mwana lili m'buku lawo. Pa BCG pakatuluka kachithupsa n'kuphulika musafinye, pamapola pokha n'kusiya chipsera. Ngati kwanu n'kutali, funsani tsiku limene a kiliniki amabwera kusukulu kapena kutchalitchi cha pafupi, ndipo musanachoke pabenchi muonetsetse kuti anesi alemba pakhadi tsiku la masabata 14.